Mabulosi a kwa a Tcheyamani

"Ndiye inu munayankha kuti chiyani?"

"Ndikanayankha chiyani, mayi a Jestina? Munthuyo ndi tcheyamani wa chipani m'mudzi muno, ndiyenso kapitawo wanga kumacheka."

"Sindinafunse maudindo ake. Ndafunsa zimene zinatuluka pakamwa panupo."

A Damiano anayang'ana pansi, n'kumapukuta utuchi umene unali pa buluku lawo. "Ndinati tamva."

"Tamva! Inu ndi yani? Ine ndinalipo?"

Mkazi wawo, a Magadalena, anakankha dengu la mbewu ya kachewere imene ankasankha, mbatata zina n'kugubuduka mpaka pakhomo la khola. Nkhani inali yoti kumapeto kwa mwezi kukubwera alendo akuluakulu achipani, ndipo adzagona ku nyumba ya alendo ya m'nkhalango, pamwamba pa phiri. A Yeremiya, tcheyamani uja, anali atanena kuti Jestina apite kumeneko akawaphikire chigumu cha adona chimene bambo ake anamuphunzitsa, agone konko mpaka alendo atabwerera. Jestina anali mwana wawo wamkazi mmodzi yekha, wa Sitandade 7, wongotha kumene msinkhu.

"Ndinakuuzani ine kuti chakudya cha m'nyumba chizithera m'nyumba. Inu ayi, kukulunga m'pepala, kukanyadira nacho kuntchito. Mwaona tsopano?"

"Ndinkangofuna kuti anzanga alaweko. Chinthu chimenechi sachidziwa wina aliyense kuno. Adona achizungu aja anandiphunzitsa ndili kukuboyi wawo, wowaphikira. Ankati kwawo chinayamba ndi anthu osauka oyenda pangolo, opanda uvuni, zipatso pansi pa poto, ufa pamwamba. Kwawoko amaikamo tizipatso tabuluu tating'ono ngati nandolo. Atatisowa kuno, ndine amene ndinawatengera mabulosi, iwo n'kunena kuti..."

"Nkhani ya adona anu ndaimva mpaka makutu kuwawa. Anapita kwawo ndi agalu awo omwe, inu n'kukusiyirani poto. Tandiyankhani ichi. Dorika wa kuseri kwa dambo anapita kukatani ku nyumba ija chaka chatha?"

"Kukatsuka mbale."

"Mbale zake ndi zija wabereka kumsanazi?"

"Tsitsani mawu, chonde." A Damiano anasuzumira kumpanda. "Amalume ake a Dorika anangofunsa funso limodzi pamsonkhano. Munawaonanso? Galimoto ija inabwera masana, anthu tonse tikuona."

A Magadalena anatola mbatata zija. Zimenezo ankazidziwa. Atatembenuka anaona Jestina ataima pangodya ya nyumba, mabuku ali m'manja, maso ali tong'o.

"Iwe, ukuyang'ana chiyani? Belu la sukulu likudikira iwe?"

Mwana atangopita, a Magadalena anatenga nkhwangwa. Kuseri kwa bafa kunali mtengo wa mabulosi umene a Damiano anabzala chaka chimene Jestina anabadwa, ndipo unali utalemera ndi zipatso zakuda bii. A Damiano sanakhaleko kuti aone, anapita kuntchito atagwira kumutu. Dzuwa lisanafike pamutu mtengo unali pansi, mabulosi atapondeka bwalo lonse, mapazi a a Magadalena atafiira ngati aponda magazi. Sanasambe n'komwe. Anamanga chitenje n'kulunjika kwa a tcheyamani.

Anawapeza pakhonde akumvera wailesi. Anagwada chapatali, n'kupereka moni mwaulemu wonse.

"Ndabwera kudzadandaula, a Tcheyamani. Mtengo wathu wa mabulosi wagwa. Chiswe."

"Chiswe chake chogwira nkhwangwa? Ndimachimva ndili pompano." A Yeremiya anaseka, n'kuloza ndi chibwano kuseri kwa nyumba yawo. "Musadandaule, mayi. Tayang'anani uko."

A Magadalena anayang'ana. Mtengo wa mabulosi, waukulu kuposa wawo uja, nthambi zikukhudza denga. Ankaudutsa tsiku lililonse popita kuchitsime. Mkwiyo unali utawaiwalitsa.

"Mwanayo ndi wamng'ono, a Tcheyamani. Ali pasukulu."

"Ndi nzika ya dziko lino. Kutumikira alendo a chipani ndi mwayi. Ena amachita kupempha."

"Ndili ndi mbuzi yanga yaikazi, yonenepa. Itengeni ikhale ya alendo."

"Zikomo kwambiri. Anyamata adzaitenga mawa. Alendo amadya nyama. Koma mbuzi siphika chigumu."

A Magadalena anawerengera mumtima. Mbuzi yapita chabe. Kumsika wa kachewere palibe wogula amene anawagonjetsapo, koma apa munthu ankalandira katundu osapereka kanthu.

"Ndiye ndipita ndine. Ndikaphika ndine."

"Inu?" A Yeremiya anatsitsa wailesi kuti aseke bwino. "Mudzi wonse ukudziwa kuti nyemba mumaziphula zisanapse. Chabwino. Lamulungu likubwerali ayi, linalo, kukubwera mlembi wa dera kudzaona zimene takonza. Mudzabwere nacho chophika inu. Akachikonda tidzakambirana. Akapanda kuchikonda, sindifuna kudzamvanso za chiswe. Amuna anu ndi munthu wabwino, sindingakonde kuti dzina lawo lizimveka kuboma."

"Mabulosi ndilibe."

"Jestina azidzathyola kuno."

"Jestina ali ndi ntchito kunyumba. Filomena wanu azibweretsa."

Ananena zimenezo chifukwa chongofuna kuti mwana wawo asaponde pabwalo limenelo. Nthawi imeneyo analibe maganizo ena.

Sabata imeneyo utsi sunathe kuseri kwa nyumba ya a Damiano. Akaweruka kumacheka ankakhala pa chitsa cha mtengo wawo uja n'kumaphunzitsa mkazi wawo, mawu ali otsika ngati munthu wa pamaliro.

"Mabulosi pansi, shuga pamwamba pake. Fulawa musakanize ndi mgaiwa pang'ono, soda, chambiko ndi majarini. Ndiye muzigwetsa ndi supuni, apa ndi apo. Osasalaza."

"Bwanji osangothira kamodzi n'kuthana nazo?"

"Musiye mipata kuti madzi a mabulosi apeze potulukira. Makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro. Mukatero musachikhudzenso."

"Mpaka liti?"

"Mpaka fungo likuuzeni."

"Fungo lili ndi pakamwa?"

Choyamba a Magadalena anachivundukula katatu kuti aone ngati chikupsa, ndipo chinaphwa n'kukhala ngati phala la mwana. Chachiwiri anaunjika makala kuti chifulumire, chinatuluka chakuda pamwamba, chachiwisi m'kati, galu anachinunkhiza n'kuchoka. Chachitatu anaiwala soda. Fulawa inkatha, nkhuku zinkapita kumsika imodziimodzi kuti agule ina, ndipo tsiku lililonse akamva galimoto kumsewu wa kunkhalango manja awo ankaleka zimene akuchita mpaka phokoso litazimirira.

"Amayi, ndiphike ine, inu mukanene kuti ndinu," anatero Jestina.

"Ndiye kuphiri kuja ndikakubisa m'thumba? Choka apa."

Filomena ankabwera masana aliwonse ndi kambale ka mabulosi. Anali mnzake wa Jestina wa kalasi imodzi, mtsikana wofatsa, woyankhula ngati akupepesa. Akapereka mabulosi sankafulumira kubwerera. Ankakhala pamphasa n'kumaonerera, ndipo a Magadalena akapsereza ankabisa kuseka m'chitenje.

Lachinayi la sabata yachiwiri a Magadalena anachedwa kudimba. Pobwera, asanalowe n'komwe pampanda, fungo linawapeza, lotsekemera, la zipatso zowira ndi ufa wopsa bwino. Anaganiza kuti ndi Jestina wawanyozera, ndipo anali atakonza kale mawu. Koma pamoto panali Filomena, akuchotsa makala pachivundikiro ndi kamtengo, mosapupuluma. Atavundukula, pamwamba panali pofiirira ngati buledi wa kusitolo, madzi a mabulosi akubwadamuka m'mipata.

"Wakuthandiza ndani?"

"Palibe, amayi. Ndimangoona mukamapanga. Pepani, ndawononga fulawa yanu."

A Magadalena anasendera pafupi. Ankayang'ana manja a mtsikanayo. Zala zonse zinali zakuda ndi mabulosi mpaka m'zikhadabo, mtundu umene suchoka ndi sopo. Maganizo ena anawalowa m'mutu. Anawanyansa, analavula pansi, koma maganizowo sanachoke.

"Ubwerenso Lamulungu m'mawa, Misa isanayambe," anatero. "Udzandithandize."

Filomena atapita, Jestina anaima kutsogolo kwa mayi ake. "Mukufuna kuchita chiyani?"

"Katunge madzi."

"Amayi, Filomena ndi mnzanga. Sanalakwe chilichonse."

"Iwe unalakwa chiyani? Dorika analakwa chiyani? Mnzakoyo ali ndi bambo amene angathe kunena kuti ayi. Iwe bambo ako amati tamva."

A Damiano anali atangofika pakhomo, nkhwangwa ili paphewa. Anamva. Sanalowe, anakakhala kukhola lopanda mbuzi lija mpaka dzuwa linalowa. Pobwera anangoti, "Mutipha tonse, mayi a Jestina."

"Mwina. Koma mwana wanga sakwera phiri lija."

Lamulungu, Misa itatha, pakhonde la a Yeremiya panali anthu. Pampando wa ndalema panakhala mlembi wa dera, bambo wonenepa wa magalasi akuda, baji ikunyezimira pa jekete. Akuluakulu a nthambi ya chipani anakhala pabenchi, amayi pamphasa. A Kristina, mkazi wa a tcheyamani, amenenso ankatsogolera amayi achipani m'mudzimo, ankathira tiyi. A Magadalena anafika atasenza poto wachitsulo uja pankhata, akadali wofunda, n'kuutula pansi. Kenako anagwada pambali pake.

A Yeremiya anavundukula okha, akumwetulira kale. Kumwetulirako kunatha. Mlembi anadya supuni imodzi, yachiwiri, kenako anapempha mbale yaikulu.

"Koma abale! Ngakhale ku hotela ku Blantyre sindinadyepo chotere. A Tcheyamani, amene waphika ichi asasowe kuphiri. Mabwana akasangalala kwambiri. Ndinu mwaphika, mayi?"

A Yeremiya anawayang'anitsitsa, kudikira bodza kuti alitsutse. A Magadalena akanatha kunena kuti inde. Koma a tcheyamani akanawauza kuti aphikenso anthu akuona, ndipo mapeto ake ankawadziwa.

"Sindinganame pamaso pa chipani, bwana. Ine manja anga ndi a khasu. Waphika ndi mwana wa a Tcheyamani. Filomena, tabwera, bwana aone manja ako."

Filomena anatuluka m'nyumba ali ndi thireyi, osadziwa kanthu, n'kugwada. Mlembi anavula magalasi. Anayang'ana zala zakudazo, kenako nkhope, kenako thupi lonse, mosafulumira.

"Mwana wanu weniweni, a Tcheyamani? Ndiye mumatibisira! Uwu ndiye utsogoleri, kupereka chako choyamba. Ndikanena kuboma. Ukonzeke, mwana iwe, galimoto idzakutenga."

Kapu inagwa m'manja mwa a Kristina n'kusweka. Palibe amene anaitola. A Yeremiya anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Pabenchi akuluakulu onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Mayi a Jestina, tandithandizani kunyamula madzi kukhitchini," anatero a Kristina.

Atangolowa anatseka chitseko n'kuwagwira pamkono mwamphamvu.

"Mwandipha! Mwana wanga anakulakwirani chiyani? Amakutchani amayi!"

"Bwanji, mayi a Filomena? Si mwayi? Amuna anu anandiuza kuti ena amachita kupempha."

"Musandiseke. Mukudziwa zimene zimachitika kumene kuja."

"Ndikudziwa. Inunso mukudziwa. Dorika anakwera galimoto atavala chitenje chimene munamubwereka inu. Munamumanga nokha mpango. Pobwera simunapite n'kukamuona komwe."

A Kristina anakhala pamtondo, n'kuphimba nkhope. "Ndikanatani? Ndi mwamuna wanga. Nayenso amachita kuuzidwa. Akapanda kupeza mtsikana amati nthambi yake ndi yogona."

"Misozi musunge, nthawi palibe. Ine wanga sapita. Wanu ndi nkhani yanu. Koma ngati mukufuna, pali njira imodzi. Mutuluke panja apo, munene ngati mtsogoleri wa amayi kuti alendo aulemu saphikiridwa ndi ana. Tikaphika ife, inu ndi ine, titavala nsalu ya chipani."

"Inu simudziwa kuphika chimenechi. Inenso sindidziwa."

"Filomena atiphunzitsa."

"Ndiye atsikanawa? Galimoto ikabwera?"

"Idzawapeza kulibe. Muli ndi achemwali anu ku Kabwazi, pafupi ndi asisitere. Apite onse awiri, mawa m'mawa."

"Onse awiri? Achemwali anga nyumba yawo ndi yaing'ono. Mwina wanga atsogole, wanu..."

"Onse awiri, mphasa imodzi. Apo ayi ndikutuluka ndikamuuze bwana uja kuti Filomena amadziwanso kuyala bedi."

A Kristina anawayang'ana ngati akuona njoka. Kenako anapukuta maso, anakonza mpango, n'kutsegula chitseko.

Anayankhula bwino, a Kristina. Anagwada, anatamanda chipani, anatamanda alendo, n'kunena kuti amayi a m'mudzi muno angachite manyazi mpaka imfa atamva kuti mabwana aphikiridwa ndi tiana tosadziwa n'kuthira mchere komwe. Amayi a pamphasa anaomba m'manja, wina analulutira. A Yeremiya anatsokomola n'kunena kuti zoonadi, mwambo wa kuno ndi umenewo, iwo anangoiwala.

Mlembi anavalanso magalasi ake. Anayang'ana a Yeremiya, kenako a Magadalena, nthawi yaitali.

"Mayi awa dzina lawo ndani?"

"Magadalena, bwana. Mkazi wa a Damiano."

"Chabwino. Amayi aphike. Tidzaona."

Atsikana ananyamuka m'mawa mwake. Filomena anaphunzitsa amayi awiriwo kamodzi kokha, madzulo a Lamulungu lomwelo, osayang'ana a Magadalena kumaso. Potsanzika sanawatchulenso kuti amayi. Jestina nayenso anangonyamula kathumba kake osawatsanzika. A Magadalena anaima pamsewu mpaka awiriwo atabisika kuseri kwa mapaini.

Lachiwiri a Damiano anabwerako kumacheka dzuwa lisanakwere. A Yeremiya, monga kapitawo, anawauza kuti ntchito yachepa, adzaitanidwa. Anakhala pa chitsa chija, n'kumayang'ana timphukira timene tinayamba kutuluka m'mbali mwake.

"Ndikanakhoza kunena kuti ayi," anatero.

"Mukanakwera galimoto ija inatenga amalume a Dorika. Tengani khasu, kudimba kukufuna anthu. Koma choyamba yatsani moto, mundionetsenso."

Tsiku la alendo amayi awiriwo anakwera phiri wapansi, poto pamutu pa a Magadalena, dengu la mabulosi pamutu pa a Kristina. Kunyumba ya alendo kunali magalimoto, anyamata achipani pageti, ndi mbuzi ya a Magadalena ili pamoto. Anyamatawo anawalozera kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi.

Kumeneko anapeza mtsikana atakhala pa njerwa, akutsuka mbale zoyera kale. Anali wochepa kuposa Jestina, diresi lake lalikulu, looneka lobwereka.

"Iwe, ndiwe yani?"

"Esitere. Wa ku Kaphuka."

"Wabwera ndi yani?"

"Galimoto inanditenga. Anati ndidzatsuke mbale."

"Amayi ako?"

"Anamwalira. Ndimakhala ndi azakhali."

A Magadalena anatembenukira a Kristina. A Kristina anayamba kusankha mabulosi m'dengu, mutu uli pansi.

A Magadalena anayatsa moto. Zipatso pansi, shuga, ufa ndi supuni apa ndi apo. Makala ochepa pansi, ambiri pamwamba. Manja awo ankayabwa kufuna kuvundukula, ndiye anawakhalira. Kenako anaitana mtsikanayo.

"Siya mbalezo. Khala apa pambali panga. Ntchito yako ndi kuyang'ana makala awa. Usachoke, ngakhale akuitane ndani. Wamva?"

"Chipsa nthawi yanji, amayi?"

"Chimenechi chimachedwa. Chikapsa tiphika china. Alendo ndi ambiri."

Dzuwa litapendeka kunabwera mnyamata wachipani, ndodo ili m'khwapa. "Mtsikana uja ali kuti? Abwana akufuna madzi osamba kuchipinda chakumapeto."

"Ali pantchito. Akachoka apa chigumu cha mabwana chipserera. Ukawauza ndiwe kuti wapsereza?"

"Koma anena kuti abweretse iyeyo."

A Magadalena anadzuka. Anagwira dzanja la Esitere n'kuliika m'dzanja la a Kristina, ndipo anadikira mpaka zala za a Kristina zitatseka. Ndiye anakwinya chitenje, anatenga ndowa ya madzi otentha n'kuisenza pamutu.

"Tsogola, mwana wanga," anauza mnyamatayo. "Undionetse chitseko chake."